Mayina Amene Anakana Kulemba

Linali tsiku la ng'amba, mkati mwa Januwale. Mvula inali itadula masabata atatu, chimanga chitapota masamba, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Ndili kumunda kwathu ku Kapondo ndinamva mfuu ndi malikhweru kumudzi. Ndinayesa agwira wakuba mbuzi, choncho ndinayamba ndamaliza mzere umene ndinkabandira. Mzere umenewo ndimaudandaula mpaka lero.

Pofika pakhomo ndinapeza mkazi wanga ali gone pabwalo, magazi akutuluka kumutu. Anthu anali atamugenda ndi miyala, ati ndiye wamanga mvula. Umboni wawo unali mtsuko wovundikira kuseri kwa nyumba, umene iye ankabisamo anapiye kuopa akabawi. Anamwalira kuchipatala patatha masiku asanu. Mlandu unazilala, chifukwa mudzi wonse unati sunaone kanthu.

Koma ine ndinali ndi mayina asanu ndi limodzi. Mkazi wangayo anandiuza yekha ali pabedi. Onsewo anali anthu a mphakati wathu, amene tinkapemphera nawo m'nyumba mwanga momwe. Sindinakalipire munthu. Ku Misa ku Guilleme ndinkapita monga kale, moni ndinkapereka. Koma ndikagwada ndinkawatchula mmodzimmodzi, kupempha Mulungu kuti awalawitse zimene ndinalawa. Mmodzi wa iwo anali wakabaza wa pa Kamwendo. Mwana wake atamwalira ndi malungo, ndinapita kumaliro, manda ndinakumba nawo, ndipo mumtima ndinati: kumwamba ayamba kuyankha.

Patatha zaka zitatu kunabwera mayi wina wophunzitsa ku yunivesite ndi anzake awiri. Anati akufufuza mmene anthu amakhaliranso pamodzi mudzi ukapha munthu wake. Ankacheza ndi aliyense payekha, atayika kamakina kojambulira mawu pampando. Ambiri ankayamba awazemba. Ine ndinawaitana ndekha, pakhonde ndinasesa.

Ndinafotokoza zonse, ngakhale zimene ndinkapempherazo. Kenaka ndinatchula mayina aja pang'onopang'ono, kuti asalakwitse polemba. Ndinaona kuti cholembera chaima.

"Bambo, mayina sitilemba," anatero mayiyo. "Aliyense timamupatsa nambala. Inu ndinu nambala 9."

"Nanga buku lanulo ndi lantchito yanji?"

"Tikamaliza tidzabwera kudzakuwerengerani nonse pamodzi zimene mwanena."

"Mayi, sukulu yonseyo munkaphunzira kubisa zigawenga? Ine ndikufuna zidzukulu zawo zidzawerenge zimene agogo awo anachita."

"Tikalemba mayina, bambo, palibe atiuze zoona. Ndipo mawa kuno kuphedwanso wina."

Ndinawasiya atuluke okha, osawaperekeza ngakhale pampanda. Chibadwire sindinachitepo zotero kwa mlendo.

Anabweradi titatha kukumba mtedza. Tinasonkhana m'kalasi ya kupulayimale, akuluakulufe titapanikizana pamadesiki a ana. Ine ndinapitira kukaona nkhope zawo. Mayi uja ankawerenga mosakweza, mosatsitsa, ngati wolengeza za kutchalitchi. Nambala 2 anati anangotsatira gulu. Nambala 5 anati anaponya mwala umodzi wokha. Nambala 6 anati anapiyewo anawamva akulira pansi pa mtsuko, koma anaopa kunena. Ndinakukuta mano. Ndinkalakalaka denga litagwa n'kuwaphwanya onse, ngakhale ine ndemwe ndiferemo.

Kenaka anawerenga kuti, "Nambala 9 anati: ndimapempha kuti ana awo afe iwo akuona. Mmodzi wapita kale. Atsala asanu."

Mawu angawo ndinali ndisanawamvepo m'kamwa mwa munthu wina. Pogwada ankamveka ngati pemphero. M'kalasi muja sanamveke choncho. Palibe anatembenuka, koma aliyense anadziwa mwini wake. Mkazi wa wakabaza uja, amene tsiku la miyala sanali m'mudzi n'komwe, anadziphimba chitenje kumaso, mapewa ake akugwedezeka.

Mwamuna wake anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Mayi, nambala 5 ndine. Lembani dzina langa. Ndipo sunali mwala umodzi ayi."

Anatembenukira kwa ine.

"Amalume, zimene mumapemphazo sindikukutsutsani. Koma muzipempha za ine. Ana otsalawo asiyeni, sanaponye kanthu."

Mayi wa ku yunivesite sanalembe dzinalo. Anangotseka kope lake n'kukhala pansi, kutisiyira ife eni ake. Amuna ena awiri anaimiriranso, mmodzi akulankhula zosamveka chifukwa cha misozi. Ine ndinkangoona kamanda kaja ka mwana wa wakabaza, kafupi ngati mzere wa mbatata, ndi mmene khasu linkapepukira m'manja mwanga tsiku limenelo.

Atatu enawo sanaimirire, ndipo mpaka lero sanapondepo pakhomo panga. Buku la mayi uja sindinalione. Akuti lili m'Chingerezi. Sindinganame kuti ukali unatha madzulo omwewo. Unandivutabe dzinja lonse lotsatira, makamaka mvula ikadula. Koma onse asanu ndi mmodzi, oimirira ndi okhala pansi omwe, ndinawakhululukira.