Penti wa Boti la Abambo

Pakati pa Mitundu ndi Nathenje panali esiteti ya fodya imene ndinakulirapo, ndipo kumunsi kwake kunali damu lalitali, lopyapyala ngati lilime la ng'ombe. Abambo anga anali tenanti pamenepo. Kwawo kunali ku Nkhotakota, choncho anthu sankavutika n'kusunga dzina lawo, ankangoti "a ku Nyanja". Fodya ankalima chifukwa cha m'mimba basi, mtima wawo unali pamadzi. Anapempha chilolezo kwa eni esiteti, natolera matabwa otsala pa shedi, n'kukhoma boti lawolawo. Thanga lake anasoka amayi ndi matumba a feteleza. Anthu ambiri a kumeneko anali asanaonepo thanga chibadwire, ndiye ankaima m'mbali mwa damu n'kumaseka kuti a ku Nyanja ayanika zovala pamadzi.

Kuseka kuja sikunakhalitse. Chigayo, sukulu ndi msewu wopita kumsika zonse zinali tsidya lina, ndipo kuzungulira damu utasenza thumba la chimanga kunali kothyola khosi. Posakhalitsa boti linayamba kuwolotsa amayi a kuchigayo, ana asukulu ndi odwala opita kuchipatala ku Mitundu. Wina ankasiya kambale ka ufa, wina mazira, wina zikomo chabe. Tinthu timeneti ndi timene tinkatisunga miyezi ija fodya asanagulitsidwe.

Koma thabwa lopanda penti silichedwa kuola pamadzi. Chilimwe chonse cha chaka chimenecho pakhomo pathu nkhani inali imodzi: boti tilipake mtundu wanji? Abambo ankafuna woyera, ngati maboti a kwawo. Amayi anawafunsa kuti madzi a damu lathu, ofiira ndi matope komanso odzaza ndere, anawaona bwino? Boti loyera likanafunika kutsukidwa tsiku lililonse, ndipo wotsukayo ndikanakhala ine, mwana wamkazi woyamba. Ndinawakonda amayi kwambiri tsiku limenelo. Wakuda umabisa litsiro, koma abambo anaukana okha. Anati umamwa dzuwa, matabwa amang'aluka, ndipo phula lomata ming'alu limasungunuka ngati batala. Pamapeto pake anagamula ndi amayi. Iwo madzi ankawaopa, m'boti sanakwerepo ngakhale kamodzi, ndipo ankafuna mtundu woti akaima pakhomo la khitchini aziwaona amuna awo ngakhale ali pakati pa damu mvula ikugwa. Anasankha wachikasu.

Abambo anapita kukagula ku Mitundu. Atabwerako anadandaula kuti wogulitsa anawafunsa kawiri konse ngati atsimikizadi za chikasu, ngati kuti munthu wa kunyanja angaphunzitsidwe za boti ndi munthu wa kumtunda. Wogulitsa uja ankawachitira chifundo, iwo osadziwa. Inali nthawi imene dziko linali litangovomera zipani zambiri, chisankho chili pafupi, ndipo mtundu uliwonse unali utapeza mwini wake. Chikasu chinali cha chipani chimene anthu ambiri a kwathu kuja sankafuna n'kumva komwe. Abambo wailesi yawo inali itafa kalekale, ndipo zandale ankazimva ngati mvula yogwa kumudzi kwa ena.

Tinalitulutsa boti, n'kulivundikira pa zipika. Ndimakumbukirabe ntchito imeneyo m'manja mwangamu: kupala ndere youma ndi chigamba cha khasu, kukhula ndi sandipepa mpaka zala kutentha, kulowetsa thonje m'ming'alu n'kuthirapo phula lotentha. Fungo la penti ndi parafini linalowa mpaka m'ndiwo. Tizilombo touluka tinkakakamira pa penti wamuwisi, ine n'kumatichotsa ndi kaudzu, abambo akundikalipira kuti ndikusiya zipsera. Titapaka kachiwiri, boti linawala ngati duwa la dzungu. Amayi anaima patali, manja m'chiuno, akumwetulira.

Titalibwezera pamadzi, palibe anakwera. Amayi aja a kuchigayo ankafika padooko, kuliyang'ana, n'kutembenuka kuyamba kuzungulira damu, matumba ali pamutu. Kusukulu anzanga anayamba kunditchula "Nachikasu", ndipo amene ndinkakhala naye pa desiki anasamuka. Abambo ankakhala okha m'boti lawo lokongolalo, thanga likupepeluka, akudabwa kuti anthu alowedwa chiyani.

Amene anabwera kudzamasula anali a Gwaza, kapitawo wa pa esiteti, munthu wamfupi wosakonda kukweza mawu. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"A ku Nyanja, ine ndabwera ngati mnzanu. Anyamata a kumsika akuti mwaimika mbendera ya chipani pa damu. Akuti Loweruka abwera ndi nkhwangwa."

"Mbendera? Ili ndi boti, a Gwaza. Kodi boti nalonso livota?"

"Silivota, koma inu ndinu obwera. Eni esiteti anena kuti safuna phokoso. Likabuka phokoso, ochoka ndinu."

Apa m'pamene ndinaona abambo akuchita mantha koyamba. Nazale ya fodya inali itamera kale. Ku Nkhotakota analibe munda, analibe nyumba. Kuchotsedwa pa esiteti nthawi imeneyo kunali kugona m'mbali mwa msewu ndi ana anayi. Ine ndinayamba kuwerengera mumtima katundu amene ndingathe kusenza.

Kusintha penti anavomera, koma asinthire uti? Wobiriwira unali ndi eni ake, wofiira ndi wakuda chimodzimodzi, wabuluu nawonso unali utatengedwa. Woyera pamwamba pa chikasu sugwira msanga. Umafuna kupaka kambirimbiri, ndipo Loweruka likanafika chikasu chikusuzumirabe. Abambo anangokhala pakhonde, atagwira tsaya.

Amayi ananyamuka. Anatenga ndowa yakale, nandiuza kuti ndiwatsate. Tinayenda khomo ndi khomo kupempha penti aliyense wotsala m'zitini, kwa anthu omwe aja ankatizemba. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, koma makosi awo anali atatopa ndi kuzungulira damu. A Gwaza anapereka wofiira wotsala pa ngolo yawo. Mkulu wa mpingo anakokota wobiriwira wa pachitseko chake. Aphunzitsi anatipatsa wakuda wopakira bolodi. Titafika kunyumba abambo anayang'ana m'ndowamo, natenga chitini chawo cha chikasu chotsala n'kukhuthuliramonso.

"Bambo a Tiya, mwapenga?" anatero amayi.

"Penti satayidwa, mayi. Takasa, mwana iwe."

Ndinatakasa ndi ndodo mpaka mkono kuwawa. Mitundu yonse ija inamezana, ndipo chimene chinatuluka sindinachipezere dzina mpaka lero. Kunena mwaulemu, unali mtundu wa matope. Mng'ono wanga ananena mosapsatira kuti ndi ndowe, ndipo anadya khofi chifukwa cha choonadi chimenecho. Abambo anapaka, nkhope ili ngati akuika maliro.

Loweruka m'mawa anyamata aja anabweradi, gulu ndithu, atazungulira damu wapansi, thukuta lili kamukamu. Wotsogolera anali wamtali, nkhwangwa ili paphewa. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi. Anafika padooko, naima. Analiyang'ana boti kutsogolo, naliyang'ana kumbuyo, nawerama kusuzumira pansi pake.

"Madala, mtundu umenewu ndi wa chipani chanji?"

"Ndi wa damu," anatero abambo.

Anyamata anayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake akwiye poyamba. Kenaka kumbuyo kwawo kunamveka mawu a Nambewe, mayi wina wa pa esiteti wodziwika ndi pakamwa, thumba lili pamutu.

"Tapatukani ana inu, chigayo chitseka ine ndili pano! Ngati mulibe chodula, kadulireni amayi anu nkhuni."

Anaponya thumba m'boti n'kukhala, penti wosaumitsitsa n'kuwamata chitenje. Wina m'gulumo anaseka, ena n'kutsatira. Ndiye popeza msika unali tsidya lina ndipo dzuwa linali litakwera, wamtali uja anafunsa mwaulemu ngati angawawolotseko. Abambo anawawolotsa maulendo angapo, nkhwangwa itagona pansi pa boti ngati katundu wina aliyense. Amayi anangokhala pansi pomwepo padothi. Ine ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi. Mpumulo ngati umenewo sindinaumvenso, ngakhale tsiku limene ndinakhoza mayeso.

Kunena zoona, pa nkhani ya kusamala, penti uja anali wabwino kuposa onse amene tinkakangana. Litsiro silinkaoneka chifukwa iye mwini anali litsiro, ndipo dzuwa sankalimwa kwambiri. Ntchito yanga inangokhala imodzi. Pamene boti linkakhula miyala ya padooko, chikasu chinkatulukira, ndipo chilimwe chilichonse abambo ankandipatsa bulashi kuti ndizungulire boti ndikubisa paliponse pamene chasuzumira. Amene zinawaipira anali amayi. Boti la matope pamadzi a matope silinkaoneka, ndipo mvula ikayamba ankaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali, akusakasaka kathanga ka matumba kaja.

Lero damu lija linakwiririka, anthu akulimamo ndiwo zamasamba, ndipo abambo anatisiya. M'minibasi ya ku Mitundu mumatha kukhala amayi atatu ovala zitenje za zipani zitatu, akusunthirana kuti mwana apeze pokhala. Chisankho chikayandikira mitundu imatenthabe, sindikana, koma ana anga ndikawauza kuti tinatsala pang'ono kusowa pokhala chifukwa cha chitini cha penti, amaganiza kuti ndikuwonjezera.

Amayi amakhala ku Nathenje tsopano. Thabwa limodzi la boti lija analisunga, ndipo ndi benchi la pakhonde pawo. Matope aja anasupuka onse, chikasu chili poyera. Ulendo wina nditapita, dzanja la chizolowezi linandiyabwa, ndipo ndinawauza kuti ndidzabweretsa penti ndidzalikonze.

"Ulisiye choncho, Tiya," anatero. "Mtundu umenewo ndinasankha ndine. Ndinadikira nthawi yaitali kuti ndiziuona ndili pakhomo."