Pulambala wa Kunja kwa Geti

Tsiku limene anatuluka kundende n'kufikira kunyumba kwa mlongo wake, mlamu wake anagula maloko atatu: pachitseko cha kuchipinda, pakabati ya pabalaza, ndi pakachipinda kosungiramo zida. Iye anamuyalira matiresi pakhonde lakuseri, pafupi ndi wilibala.

Sindikubisirani, munthuyu anabadi. Anali pulambala pakampani ina yomanga nyumba, ndipo ankazembetsa mipopi ndi mapaipi n'kumakagulitsa. Anagwidwa, anavomera, anakhala mkati zaka zinayi. Potuluka anapeza mkazi wake atakwatiwa kwina, dzina lake lenileni litaiwalika. Dera lonse linkangomutchula kuti Wamipopi.

Anabwereka sipanala n'kuyamba kugogoda m'mageti kufunsa ntchito. Mayi wina anamuyankhira pakabowo ka geti: "Mbala ya mipopi ndiilowetse kubafa kwanga? Ndiye mawa ndikasambe kuti?"

Anayenda miyezi iwiri. Palibe geti limene linatseguka.

Madzi a kuderalo ndi amchere. Sopo sachita thovu, ndipo ketulo imagwira zoyerayera pansi, zolimba ngati simenti. Shawa ya kwa mlongo wake inali itafika pongotulutsa timizere titatu ta madzi, kamodzi kolunjika kukhoma. Mlamu uja anaitana pulambala wodziwika wa m'deralo, amene anangosuzumira kubafa n'kunena kuti pakufunika pampu.

Wamipopi anamva ali pakhonde. Mlendo atapita anati, "Alamu, vuto si mphamvu ya madzi. Timabowo ta shawa tatsekeka ndi mchere. Ndiloleni ndione."

"Inuyo paipi ya m'nyumba muno musaikhudze," anatero mlamuyo. "Ngakhale kuiyang'ana kumene."

Kutacha, mlamu atapita kuntchito, Wamipopi anaitana mlongo wake. "Achemwali, mawu a alamu sindiwaphwanya. Kubafa sindilowa. Inuyo kakulungeni kansalu pamutu wa shawa, muupotokole, mubwere nawo panja pano."

Mlongo wake anachita mantha, koma naye anali atatopa kutsuka sopo m'mutu ndi kapu. Anabwera nawo. Wamipopi anadula chigubu, anathiramo viniga, n'kuuviika. Unayamba kuchita tithovu. Pofika masana anaukwecha ndi mswachi wakale, anatokosa bowo lililonse ndi phini, anatulutsa kasefa ka mkati n'kukatsuka. Zimene zinagwera pansi zinali ngati zigoba za mazira zophwanyika.

Madzulo mlamu anatuluka kubafa akuimba mluzu, thaulo lili m'khosi. "Lero madzi abwera ndi mphamvu. Ndimanena ine kuti vuto lili kwa eni madziwo."

Mlongo wake anathawira kukhitchini kukasekera komweko. Wamipopi sanatsutse. Mutu wake unali kale pa zina: ntchito yonseyo anaigwira osaponda m'nyumba.

Anatola katoni, analembapo ndi penti, n'kukaikoleka pachifuwa: SHAWA YANU IKUNGODONTHA? SINDILOWA M'NYUMBA MWANU. TULUTSANI MUTU WOKHA.

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mutu wa ndani, Wamipopi? Mipopi yatha, wayamba mitu tsopano?" Iye ankangoyenda, chigubu cha viniga kudzanja limodzi, kampando kudzanja lina. Sabata yoyamba inatha popanda ndi mmodzi yemwe womuitana. Mlongo wake anamuchonderera kuti asiye, akuchititsa manyazi banja.

"Manyazi ndinawamalizira kukhoti, achemwali," anayankha. "Awa akuseka, koma onsewa akusamba madzi odontha."

Woyamba kumuitana anali mayi wa saluni, amene kashawa kake kotsukira tsitsi kankachedwetsa makasitomala. Anamupatsira kashawako panja, n'kumuimirira pamutu manja ali m'chiuno mpaka ntchito inatha. Madzi atatuluka mwamphamvu, azimayi onse amene anali mu saluniyo anaona. Pofika Loweruka mageti asanu anali atamutulutsira mitu ya shawa.

Sizinayende mosalala. Mutu wina wapulasitiki unasweka m'manja mwake, ndipo mwini wake anamutukwana msewu wonse ukumva. Iye anapepesa, anakagula wina, n'kubwera nawo tsiku lomwelo. Bambo winanso anamunamizira kuti wamusinthira mutu wabwino ndi wachabe. Kuyambira pamenepo Wamipopi anapempha penti ya zikhadabo ku saluni kuja, ndipo aliyense asanamupatse mutu wa shawa ankayamba waikapo yekha chizindikiro chake.

Tsiku lina pulambala wodziwika uja anaimitsa galimoto pomwe iye anakhala. "Iwe mbala, ukutiwonongera msika. Anthu asiya kugula mapampu chifukwa cha chigubu chakocho."

Wamipopi anaimirira, napukuta manja. "Akulu, ine ndinaba, ndinagwidwa, ndinakagwira ukaidi zaka zinayi. Dzina langa mukulidziwa. Nanga munthu wogulitsa pampu kwa mayi amene akungofunika viniga, dzina lake ndani?"

Pulambala uja anangoliza galimoto n'kunyamuka.

Patapita miyezi, anamuitana mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito. Mwamuna wake anadwala sitiroko, anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Mayiyo ankamusambitsa pampando wapulasitiki ndi madzi a m'ndowa, chifukwa shawa yawo inali itafa. Msana wake unali utayamba kukana kunyamula ndowa.

Wamipopi anatsuka mutu wa shawayo pageti mpaka bowo lililonse linaonetsa kuwala. Mayiyo anakaumangirira, koma anabwerera akupukusa mutu. Madzi anali akudonthabe.

"Ndiye kuti mchere watseka mkati, pa valavu yotsegulira madzi ya pakhoma," anatero Wamipopi. "Pamenepo pafunika munthu alowe. Itanani pulambala wina, mayi."

"Ndaitana inu."

"Mayi, mukundidziwa koma?"

"Ndikukudziwani. Munaba mipopi, munakhala zaka zinayi. Ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo kusukulu kwanga mwana akamaliza chilango ankabwerera m'kalasi. Lowani."

Ali pakhomo pomwepo foni ya mayiyo inalira. Anali mwana wawo wamwamuna wokhala kutali, amene wina wapafupi anali atamutsina kale khutu. Mawu ake ankamveka mpaka panja, akuletsa kuti munthu ameneyo asaponde m'nyumba ya bambo ake.

Mayiyo anamudikira amalize. "Tsiku limene udzabwere kudzasambitsa bambo ako, udzasankha pulambala ndiwe. Lero ndikusankha ine." Anadula foni.

Wamipopi anavula nsapato n'kulowa. Anatseka madzi a nyumba yonse, anachotsa chogwirira cha mpopi, n'kupeza nati itagwirana ndi mchere ngati yowotcherera. Anaikulunga ndi kansalu konyowa ndi viniga, anadikira, anayesa, inakana. Anabwerezanso. Sipanala inaterereka n'kumusupula chala. Anamanga chalacho ndi tepi n'kupitiriza. Mayiyo sanamuimirire pamutu. Anapita kukamwetsa mwamuna wake mankhwala, n'kumusiya Wamipopi yekha kubafako, zitseko zonse za m'nyumba zili chotsegula.

Patatha maola atatu nati inamasuka. Kanjira ka madzi m'valavumo kanali katatsala ngati diso la singano. Anakwecha, anatsuka, anasintha labala yomwe inali itauma, anamanga zonse, n'kutsegula madzi. Shawa inatsokomola kawiri, inalavula zinyalala, kenako madzi anakhuthuka mpaka kudumphira pakhoma.

"Musapite kaye," anatero mayiyo. "Ndithandizeni kuwanyamula bambowa."

Anawakhazika pampando wapulasitiki uja, Wamipopi n'kutuluka kukadikira m'kanjira. Ankangomva madzi akugwa. Patapita nthawi mayiyo anatambasula dzanja kuti atseke mpopi, koma bambo aja anamugwira mkono ndi dzanja lawo lamphamvu lija. Mawu anatuluka olemera, koma anamveka bwinobwino mpaka pomwe Wamipopi anaima.

"Usatseke."

Mayiyo anaseka, misozi ikutsika. Sanatseke.

Masiku ano Wamipopi amakonza mashawa m'nyumba, m'malo ogona alendo ndi m'sukulu zogonera komweko. Alipo ena amene mpaka pano akamuona amakoka chikwama chawo pafupi. Iye sawanyengerera ndipo sakangana nawo. Amapereka moni n'kupitirira, chifukwa kutsogolo kuli wina amene akumudikira.

Inu amene mukuwerenga, mwina munalakwadi, ndipo anthu sakunama pa zimene akukunenerani. Vomerani, lipirani, koma musalole kuti akuweruzeni kachiwiri moyo wanu wonse. Tengani chimene manja anu amadziwa, muyambire pomwe akulolani kuima, ngakhale pali fumbi. Aseke, atukwane, inu gwirani ntchito. Mtima wanuwo musautaye, ndipo musaupereke kwa munthu kuti akutayireni.