Mlandu wa Mwendo wa Bulu

Ku koleji ya zaulimi komwe ndinaphunzila za matenda a ziweto kunali hatchi imodzi yokha, yaikazi, yokalamba, yosagwilanso ntchito ina koma kuima phee ife tikuipapasa. Mphunzitsi wathu wa za thupi la nyama anali mayi wamfupi wosakonda kuseka. Sankalola munthu kutchula mnofu asanauike dzanja. Ankatiyambitsa paphewa, n'kutiuza kuti titsate ndi zala mnofu wautali umene umayenda mbali zonse ziwili za fupa la msana mpaka m'chiuno. Kuchoka apo tinkakwela pa minofu yaikulu ya pamatako, imene imakankha nyama kupita kutsogolo, n'kutsikila ku minofu itatu ya kumbuyo kwa ntchafu, mpaka pa mtsempha wolimba umene umagwila pa mfundo yosongoka ya mwendo wakumbuyo. Mayeso a phunzilo limeneli ndinalephela ulendo woyamba. Wachiwili ndinakhoza, nditatha miyezi itatu ndikulawilila kukhola la hatchi ija anzanga asanadzuke.

Nditabwelela kwathu ku Lundazi, aliyense womva nkhaniyi ankaseka, pakuti kuno hatchi timangoiona pachithunzi. Ntchito sinapezeke msanga, choncho ndinayamba kuthandiza mushopu ya alamu anga, amuna awo a akulu anga, pafupi ndi msika. Ankagulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto. Ine ndinkayankha mafunso a alimi, ndipo wina akafuna kuti ndikaone chiweto chake ndinkamanga chikwama panjinga n'kupita. Alamu anga anali munthu wofatsa, wodana ndi phokoso, ndipo tinkamvana bwino.

Mwa ogula athu aakulu munali bambo wina wa ku Magodi, wachikulile, mlimi wa fodya amene nthawi yachilimwe ankaotchanso njelwa zogulitsa. Ng'ombe zake za pangolo zitafa ndi matenda a nkhupakupa, anagula abulu anayi. Ngolo inali yomwe ija, goli linali lomwe lija la ng'ombe, anangolifupikitsa pang'ono.

Tsiku lina anandiitana kuti ndikaone bulu mmodzi, wamkazi, wotuwa. Ndinamupeza ali ndi chilonda chachikulu pakhosi, pomwe pamakhala goli, chotupa ndiponso chotuluka mafinya. Ndinachitsuka ndi madzi a mchele, ndinapakapo mankhwala. Panafunikanso jekeseni. Nthawi zambili ndimabaya pakhosi, koma khosi linali lotupa, ndiye ndinasankha kumbuyo kwa ntchafu ya kumanzele, chikhatho chimodzi kutsika kuchokela pa fupa losongoka la pathako, pomwe mnofu ndi wochindikala. Ndinawauza eni ake kuti buluyo apume milungu iwili osaona goli. Anathokoza kuti yewo, akazi awo anandipatsa mbatata, ndinabwelela.

Patapita masiku asanu, Loweluka, msika utadzaza, bambo aja anafika panjinga yamoto. Sanalowe mushopu. Anaima pakhomo n'kuyamba kulankhula mokweza kuti aliyense amve, kuti mtsikana wa muno walemaza bulu wawo ndi jekeseni, kuti mwendo womwe anabaya ndi womwe ukutsimphina, kuti anthu asamale ndi ana ophunzila pamapepala. Azimayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kusendela. Alamu anga anatuluka, anawagwila dzanja ndi manja awili, n'kuwalowetsa kuchipinda chakumbuyo. Ine ndinatsala pakauntala ndikuyeza mankhwala a nkhuku.

Atachoka, alamu anga anandiuza modekha kuti m'mawa mwake tipitile limodzi ku Magodi ndikapepese. Anati sakunena kuti ndalakwa, koma munthu wamkulu akakwiya timamuzizilitsa. Ndinayankha kuti kupita ndipita, koma ndikayamba ndaona bulu.

Sindibisa, m'kagalimoto ka alamu anga m'mawa uja ndinali ndi mantha. Pali mtsempha waukulu umene umatuluka m'chiuno n'kudutsa mkati mwa ntchafu, pansi pa minofu. Singano ikaukhudza, mwendo umafa, nyama imakoka chiboda pansi, nthawi zina moyo wake wonse. Ndinkadziwa pomwe ndinabaya, ndinkadziwa kuti mtsemphawo uli kutsogolo ndi mkati kwambili kuposa pamenepo. Komabe bulu ndi wamng'ono kuposa hatchi, ndipo njila yonse ndinkayeza chikhatho changa pantchafu yanga, ndikudzifunsa ngati dzanja linapendeka. Alamu anga ankalankhula za mtengo wa mbewu. Sindinamve kanthu. M'thumba ndinali nditaikamo choko ziwili zimene ndinkalembela mitengo pabolodi la shopu.

Tinapeza anthu atasonkhana kale pafupi ndi uvuni wa njelwa, amuna pamipando, amayi pamphasa chapatali. Ndinagwada pang'ono pamaso pa bambo aja n'kuwapatsa moni kuti, "Monile adada." Anayang'ana alamu anga, osati ine.

Ndinapempha kuti bulu ayendetsedwe. Akazi awo a bambo aja ndi amene anadzuka, anamasula chingwe n'kumuyendetsa pabwalo. Ndinakhala chonjuta kuti ndione miyendo bwino. Buluyo ankaponda chiboda chonse pansi, molunjika. Sankachikoka. Chomwe ankachita n'kuponya phazi la kumanzele pafupi kuposa linzake, msana ataumitsa ngati thabwa, chiuno chosagwedezeka mmene chimachitila bulu akamayenda. Ndinathyola munga, ndinamulasa pang'ono pamwamba pa chiboda. Anaponya mwendo mwamphamvu, pang'ono n'kundiphwanya bondo. Anthu anaseka. Ine mtima unakhala pansi nthawi yomweyo, chifukwa mwendo wakufa suponya chomwecho.

Ndinatulutsa choko. Pa ubweya wotuwa uja ndinajambula mnofu wautali wa msana kuchokela paphewa mpaka m'chiuno, kenako wa pathako, kenako itatu ya kumbuyo kwa ntchafu. Pomwe ndinabaya ndinaikapo kamtanda. Ndinapempha eni ake kuti abwele adzadinize pakamtandapo ndi chala chawo. Anakana. Anabwela mkulu wina wa mpingo amene anali pagululo, anadiniza mwamphamvu. Bulu anapitiliza kuthothola udzu. Panali pofewa, posatentha, popanda chotupa.

Kenako ndinatenga dzanja la mkuluyo n'kuliyendetsa pamzele wa msana, pang'onopang'ono. Titafika pomwe msana umakumana ndi chiuno, kumanzele, bulu anapindila msana pansi ngati akufuna kukhala, makutu atawagoneka kumbuyo. Pamenepo mnofu unali wouma gwa ndiponso wotentha. Mkulu uja anachotsa dzanja, n'kuyang'ana eni ake.

Ndinafotokoza kuti kuchoka pakamtanda kufika pamalo opwetekawo ndi mtunda wa mkono wathunthu, ndipo singano yanga ndi yaifupi kuposa chala. Ndinati mnofu umenewu ndi umene umalumikiza mphamvu ya miyendo yakumbuyo ndi thupi lonse, ndipo umang'ambika nyama ikamakoka katundu wolemela n'kutelela, kapena ikamakakamizidwa kuzula ngolo yotitimila. Ndinaloza chilonda cha pakhosi. Nkhanambo imene inayenela kukhala itauma inali itasendeka, pali magazi a dzulodzulo. Ndinafunsa kuti goli linabwelelapo liti.

Bambo aja anaimilila. "Iwe mwana wa dzana, undiphunzitse ine za ziweto? Ndinayamba kumanga goli amayi ako asanakwatiwe."

"Adada, ng'ombe mumazidziwa kuposa ine," ndinatelo. "Koma bulu alibe linunda. Amakoka ndi chifuwa. Uyu mwamumanga pangolo asanachile, ndipo wavulala ali pangolopo."

 Alamu anga anasendela n'kundinong'oneza kuti zakwana, ndingonena pepani tizipita, zinazo tikakambila kunyumba. Ndinawayang'ana. Nkhope yawo inali ya munthu wopempha, osati wolamula, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambili kuposa mawu a bambo aja.

"Alamu, ndikapepesa lelo, mawa ndani adzandilola kubaya ngakhale mbuzi yake? Sindinalakwe. Sindipepesa."

Ndinalankhula mosakweza, koma onse anamva. Pamenepo mayi aja, chingwe chikali m'manja, ananena osayang'ana munthu aliyense kuti Lachitatu ngolo inatitimila padambo ili ndi njelwa, ndipo bulu ameneyu anagwa kawili asanaizule. Amuna awo anawauza kuti akhale chete. Anakhala chete, koma anali atanena kale. Anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi, wina akuti akaone mbuzi, wina akuti nthawi ya tchalitchi yakwana.

Ifenso tinakwela galimoto n'kubwelela ku boma.

Bambo aja sanagulenso kanthu mushopu, ndipo abale awo angapo anawatsatila. Patapita mlungu, akulu anga anabwela kunyumba kwa amayi komwe ndinkakhala. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za ana, kenako anati alamu anga aganiza kuti ndiyambe ndapuma kaye kushopu mpaka zinthu zizizile. Ankalila ponena. Amayi anawonjezela kuti mawu akuti pepani sanaphepo munthu, kuti iwo apepesa kambilimbili m'moyo wawo pa zinthu zimene sanachite, ndipo banja likalipo chifukwa cha chimenecho. Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndinkawaona akutelo ndili mwana, ndipo n'chifukwa chake ine sinditelo. Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Masiku atatu sanandilankhule.

Ndinapita kushopu kukatenga chikwama changa, majekeseni anga ndi buku langa la kukoleji. Njinga inali yanga kale.

Za bulu sindinazisiye. Mayi aja anamuchotsa kukhola la abulu anzake n'kumumanga kuseli kwa khitchini yawo, ponena kuti popeza amuna awo amuyesa wolemala, ndiye kuti ndi wa iwo tsopano. Ndinkapalasa njinga kupita ku Magodi kawili pamlungu, ndikudutsa pamaso pa bambo aja atakhala pansi pa mtengo wa mango. Ulendo uliwonse ndinkatsika panjinga, n'kupeleka moni mwaulemu. Ulendo uliwonse ankayang'ana kumbali. Sindinasiye kupeleka moniwo, ndipo sindinawonjezepo liwu lina.

Milungu iwili yoyamba tinkangothowa msana ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, bulu osayenda kupitilila pabwalo. Ndinawaonetsa mayi aja kusisita mnofu motsata mzele wake, ndi chikhatho osati ndi nsonga za zala. Manja awo anali olimba kuposa anga ndipo anaphunzila msanga. Mlungu wachitatu anayamba kumuyendetsa kupita kuchitsime ndi kubwela, wopanda katundu. Anzawo pachitsime ankawafunsa ngati bulu wayamba sukulu. Iwo ankayankha kuti inde, ndipo akukhoza.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi mnofu unafewa. Chiuno chinayambanso kugwedezeka poyenda. Phazi la kumanzele linatsala likupondabe pafupi pang'ono, moti wosadziwa sangaone, ndipo ndinawauza mayi aja kuti mwina lidzakhala chomwecho. Kwa mwini chigayo wina ndinapempha lamba wakutha, tinamudula, tinamukulunga ndi masaka ndi chitenje chakale, n'kusoka chomangila cha pachifuwa. Mmisili wa matabwa wa m'mudzimo anakonza kangolo ka matayala a njinga, ka mitengo iwili, kokwana matumba awili a chimanga. Tsiku loyamba kumumanga, bulu anaima kaye, anatembenuza mutu kununkhiza lambayo, kenako anatsamila kutsogolo n'kuyenda. Ndinatsatila pambuyo mpaka kuchigayo, maso ali pamsana pake.

Abulu atatu otsalawo anakhalabe pagoli nyengo ina yonse. Ndinauza eni ake kamodzi, pamaso pa akazi awo, kuti ndikhoza kuwasokela nawonso zomangila za pachifuwa. Anadzuka n'kupita kumunda. Chaka chotsatila ndinamva kuti mayi aja asoka okha zomangila zina ziwili, ndipo amuna awo amauza anthu kuti nzelu imeneyi anaiona ku Chipata. Sindinapite kukatsutsa.

Ntchito yanga inayamba movutika. Ena ankakumbukila za pamsika paja, osati za pabwalo la ku Magodi, chifukwa pamsika panali anthu ambili. Woyamba kundiitana anali mkulu wa mpingo uja, pa ng'ombe yake imene inalephela kubeleka. Kenako ena a kumidzi ya kufupi ndi Lukusuzi, komwe abulu achulukilako. Ndikafika, ndisanabaye, ndimaonetsa mwini wake pomwe ndibaye ndi chifukwa chake, ndipo ndimamugwilitsa pamalopo ndi dzanja lake. Ena amatopa nazo. Ndimawauza kuti akapeze wina wofulumila.

Amayi anayambanso kundilankhula, koma nkhaniyi sitiikamba. Alamu anga timakumana pamalilo ndi paukwati, timapatsana moni bwinobwino, ana awo amabwela kwanga patchuthi. Chaka chatha anatuma akulu anga kudzandiuza kuti malo anga kushopu akalipo. Ndinayankha kuti ndidzabwelela tsiku limene alamu adzandiuza okha, pamaso panga, kuti bulu uja sindinamulemaze ine. Akulu anga anati alamuwo akudziwa zimenezo, anadziwa tsiku lomwe lija. Ndinati ngati akudziwa, si zovuta kunena. Mpaka lelo sananene, ndipo mankhwala ndimagula kushopu ina ya kuseli kwa siteshoni ya maminibasi.