Wometa Amene Ankaopa Maso

A Chipeso anafunsira mkazi kudzera pagalasi. Musaseke, n'zoona zimenezi. Mtsikanayo anabwera ndi kamlongo kake kuti kadzamete, iye n'kukhala pabenchi kumbuyo kudikira. Mnyamata wometayo, makina akulira m'manja, maso ali pagalasi, anayamba kuyala mawu ake. Anayala mokoma moti kamwana kaja kanatuluka ndi chigamba pamwamba pa khutu, koma mtsikana anatuluka ndi mwamuna.

Mtsikana uja lero ndi mayi wa ana atatu. Amasita zovala za anthu pamalo ena ochapira, n'chifukwa chake aliyense amangoti a Simbi, monganso amuna awo amatchedwa a Chipeso chifukwa cha chipeso chosachoka m'thumba la malaya. Pa zaka zonse za banja lawo, a Simbi anazolowera kuti nkhani yaikulu imawapeza chakumbuyo. Akamatsuka mbale pasinki ankangomva mpweya pakhosi: "Mayi a ana, eni nyumba akuti tisamuke." Ngakhale uthenga wa maliro a apongozi awo unabwera choncho. Nkhani ya sukulu nayonso inadzera njira yomweyo.

"Mayi a ana, ndikufuna kubwerera kusukulu. Ndikaphunzire uphunzitsi."

A Simbi anatembenuka, thovu lili m'manja, koma bambowo anali atayang'ana kale kudenga ngati likudontha.

"Inuyo? Ndi imvi zimenezi?"

"Imvi ndimazidziwa ine, ndimameta tsiku ndi tsiku. Zimamera kunja, sizilowa mu ubongo."

Kunena zoona, kometera kwa a Chipeso kunali kale ngati kalasi. Kachipinda kake n'kakang'ono: mpando umodzi wozungulira wong'ambika pokhalira, benchi, galasi lalikulu lothimbirira m'makona, ndi kagalasi kam'manja koonetsera munthu nkhongo yake akamaliza kumetedwa. Mwana akakwera pampandopo akulira poopa makina, a Chipeso ankaima kumbuyo kwake n'kuyamba: "Tandiuza, bwanji tsitsi silipweteka ndikamalidula, koma wina akalizula umakuwa?" Mwana pofuna kumva yankho, misozi inkauma yokha. Ankatsika pampando atametedwa, atamvanso chifukwa chake mwezi umaoneka ngati ukumutsatira. Sekondale a Chipeso anamaliza bwino kalelo, koma mwana wachisamba anafulumira kubwera, mabuku n'kulowa m'katoni kunsi kwa bedi.

Koleji inkaphunzitsa madzulo ndi Loweruka. Loweruka, anthuni! Tsiku limene mitu imadzaza benchi mpaka ena kuima panja. Makasitomala anang'ung'udza, ena anasamukira kwa anyamata ometa kutsidya kwa msewu. Walira mvula walira matope: a Simbi anayamba kubwera ndi zosita zina kunyumba, ana n'kuphunzira kuyenda monyang'ama kuti bambo awerenge. Ku koleji a Chipeso ankakhala benchi limodzi ndi achinyamata amene anawameta okha ali pamiyendo pa amayi awo. Poyamba ankawaseka, akuti agogo asochera. Zotsatira za mayeso zitayamba kutuluka, achinyamata omwewo ankabwera kudzameta tsitsi lisanamere n'komwe, kuti agogo awafotokozere phunziro.

Chaka chomaliza anawatumiza kusukulu ya pulayimale ya pafupi kuti akaphunzitse moyeserera. Mayi wina wa ku koleji ndiye ankabwera kudzaona ngati munthu akutha ntchito, ndipo popanda siginecha yake panalibe uphunzitsi. Tsiku limene mayiyo anabwera koyamba, a Chipeso anafika kunyumba n'kukhala pansi, chakudya osachikhudza. A Simbi anawayang'ana, anadzuka, n'kukaima pasinki kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Sipanapite nthawi, mpweya uja unafika pakhosi.

"Ndalephera, mayi a ana."

"Munaiwala phunziro?"

"Phunziro ndinali nalo lonse m'mutumu. Koma maso aja! Mayo ine, maso. Nditangoima kutsogolo, onse dwii pa ine. Ndinatembenukira kubolodi, ndipo ndaphunzitsa bolodilo mpaka belu kulira."

Mayi wa ku koleji sanawanyoze ayi. Anawaitanira pambali n'kuwauza kuti, "Bambo, zimene mumanena n'zabwino, ndipo bolodi lamva. Koma kamtsikana ka pakona kanasochera poyamba pomwe. Nkhope yake inkanena zimenezo, inu simunaione. Mphunzitsi amawerenga nkhope. Ndibweranso kamodzi kokha. Mukadzandionetsanso msana, sindidzasaina."

"Ndiye basi," anatero a Chipeso kumbuyo kwa akazi awo. "Ine ndine munthu wa nkhongo. Ndingobwerera kumakina anga."

A Simbi mtima unawapsa. Ma Loweruka onse aja, misana yonse imene anathyola pathebulo lositira, zithere pa maso a tiana tosadziwa n'kumina komwe? Koma ankadziwanso kuti mayi uja sananame. Iwo eni, atafufuza m'mutu mwawo, sanapeze tsiku limene amuna awo anawayang'anitsitsa m'maso.

Mawa lake ataweruka, a Simbi anapita kometera kuja. Sanapereke moni. Anakwera pampando wozungulira, n'kuukankha ndi phazi mpaka galasi linatsala kumsana.

"Ndiphunzitseni," anatero.

A Chipeso anaseka, n'kuzungulira kuti akaime kumbuyo. A Simbi anatembenuza mpando. Bambowo anazunguliranso, mpando nawo unazungulira. Mkulu wina amene ankadikira pabenchi anaseka mpaka kutsokomola.

"Kodi ndabwera kudzameta kapena kudzaonera gule?"

Tsiku limenelo a Chipeso anaphunzitsa phewa la akazi awo. A Simbi sanatope, ankabwera madzulo alionse, miyendo itatupa ndi kuima. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankadziuza okha. Koma nkhono yawo inali yaliuma, abale. Maso a bambowo anakwera kuchoka paphewa kufika pandolo, kuchoka pandolo kufika pachibwano, n'kukakamira pomwepo. Tsiku la mayi wa ku koleji linakwana maso akadali pachibwano.

M'mawa wa tsikulo a Simbi anasita malaya oyera mpaka kolala inaima njo. Anafuna kudziyang'ana asanatuluke, galasi lawo la kuchipinda osalipeza, ndipo anakalipira mzime wosalakwa. Kuntchito manja sankagwira. Atatsala pang'ono kuwotcha thalauza la mwini wake, anagwira tsaya n'kuuza abwana kuti dzino lawavuta. Dzino lake linawatsogolera molunjika kusukulu kuja. Anazungulira kuseri kwa makalasi, n'kuima pafupi ndi thanki yamadzi, pomwe zenera lina linali lotsekula.

Zonse ankaziona. Ana anali atadzaza madesiki. Mayi wa ku koleji anakhala pampando chakukhoma, cholembera m'manja. A Chipeso anaima kutsogolo atakolekera chikwama paphewa. Anapereka moni, ana anayankha. A Simbi anaona phewa la amuna awo likuyamba kukhotera kubolodi pang'onopang'ono.

"Musatero, bambo inu," ananong'ona. "Chonde musatero."

Phewa linaima panjira. Kenako a Chipeso anayamba kuyenda, kudutsa pakati pa madesiki kulowera kumbuyo kumene kunali chitseko. A Simbi anati basi, munthu akuthawa. Koma pachitseko sanafike. Anaima kuseri kwa mzere womaliza n'kutembenuka. Patsogolo pawo tsopano panalibe maso. Panali mitu yokhayokha, ndipo yambiri mwa mituyo inadutsapo m'manja mwawo. A Simbi anaona mapewa aja akutsika, ngati mmene nsalu imagonera ikamva nthunzi.

A Chipeso anaika dzanja pamutu pa mnyamata wina.

"Iwe, pankhongo pako pali chipsera. Unachionapo?"

"Ayi, aphunzitsi."

Mnyamatayo anatembenuka kuti awaone. Nkhope imodzi, yaing'ono, pafupi penipeni. A Simbi anadikira kuti maso a amuna awo athawire kudenga. Sanathawe. Mwina bambowo anaona zimene akazi awo ankaonanso ali pazenera: maso a mwanayo sankayeza munthu, ankangofuna kumva za chipsera chake.

"Chipseracho n'chako," anapitiriza a Chipeso. "Umadzuka nacho, umagona nacho, koma sunachionepo. Ine mlendo ndachiona. Zikutheka bwanji?"

Wina anatembenuka. Winanso. Madesiki anayamba kulira, nkhope zikubwera imodziimodzi, ndipo iliyonse a Chipeso ankailandira.

"Ndani muno anaonapo nkhongo yake?"

Panalibe. Apo anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kagalasi ka kometera kaja. Anapisanso, n'kutulutsa lina lamkombero wofiira.

"Galasi langa!" A Simbi anadzitseka pakamwa.

Galasi lofiiralo a Chipeso anapatsa mnyamata uja kuti agwire kumaso, kam'manja kaja iwo n'kugwira kumbuyo, akupendeketsa pang'onopang'ono monga achitira tsiku lililonse. Mwadzidzidzi mwana anakuwa, "Ndachiona! Aphunzitsi, ndachiona!" Kalasi lonse linaphulika. Aliyense ankafuna nkhongo yake. A Chipeso anakweza dzanja, phokoso n'kutsika, ndipo mawu aja a kometera, amene amaumitsa misozi ya ana, anatuluka onse. Anafotokoza kuti kuwala kumayenda molunjika, sikudziwa kukhota, n'chifukwa chake diso silingaone kuseri kwa mutu. Koma kukagunda galasi kumabwerera ngati mpira woponyedwa pakhoma, ndipo ukakhala ndi makoma awiri, mpira ukhoza kuchoka kunkhongo n'kudzakupeza kumaso.

Akulankhula choncho anayamba kuyenda kubwerera kutsogolo, ndipo nkhope zonse zinkawatsatira ngati mpendadzuwa. Anafika pabolodi n'kulipatsa msana. Anaima pamalo pomwe paja analephera, maso onse aja ali dwii, iwo osaphethira n'komwe. Mayi wa ku koleji anali atasiya kulemba, dzanja lake likupapasa kunkhongo kwake mosadziwa.

Kenako a Chipeso anadukiza mawu pakati.

"Iwe wa pakona, nkhope yako ikundiuza kuti ndakusiya panjira. Ndakusiya pati, mwana wanga?"

Kamtsikanako kanayankha motsitsa kuti pa mpira paja. A Chipeso anapita, anagwada pafupi ndi desiki yake malaya oyera omwewo, n'kuyambiranso, akukayang'ana m'maso mpaka nkhope inamasuka.

A Simbi anachita mantha, koma mantha ake okoma. Munthu uyu amamuchapira masokosi, amamudziwa mkonono wake, amamukalipira akasiya tsitsi la anthu m'matumba a thalauza. Ankayesa kuti anamuwerenga yense n'kumumaliza. Nanga uyu wagwada apayu, amene ana a eni ake akumumwa mawu ngati madzi, anali kuti zaka zonsezi? Zoti chinthu chachikulu chotere chinkagona m'nyumba mwawo, pamwamba pa katoni ya mabuku ija, zinawazunguza mutu.

Belu linalira, ana osafuna kutuluka. Atatuluka, mayi wa ku koleji anatsala ndi a Chipeso, ndipo a Simbi anachoka pazenera poopa kuoneka. Anadikira pathanki paja. Patapita nthawi anamva mapazi amene amawadziwa akubwera.

"Ndinakuonani kalekale," anatero a Chipeso. "Duku limenelo lingabisale?"

A Simbi anachita zimene anazolowera pakabwera nkhani yaikulu: anatembenuka, anapereka msana, n'kuyamba kusamba m'manja pampopi wa thanki, kudikira mpweya pakhosi.

Mpweya sunabwere. Mapazi aja anazungulira, kudutsa m'matope a pampopi, n'kudzaima kutsogolo kwawo. A Chipeso anatseka mpopi. Anawagwira manja onyowawo, ndipo maso awo anakwera kudutsa phewa, kudutsa ndolo, kudutsa chibwano, n'kufika.

"Mayi a ana, asaina."



"Kodi kadontho kakuda ka patsayaka kali mbali ino?" anafunsa bambowo, akuwayang'anitsitsabe. "Pagalasi paja kankaoneka mbali inayo."

"Ndinabadwa nako pomwepo, bambo inu."

Ndipo a Simbi, omwe aja ankazunguza mpando madzulo alionse kufuna maso amenewa, ndi amene analephera kuwapirira. Anagwetsa nkhope ngati mtsikana wa pabenchi uja, n'kuibisa pachifuwa cha amuna awo, ana asukulu akuonerera. Malaya aja anawasita okha m'mawa, ndipo anawanyowetsa okha ndi misozi.