Anyezi wa m'Kabati

Amuna anga anali mphunzitsi wa Chingerezi kwathu, ndipo anandifunsira ndi ndakatulo za azungu akalekale. Ati ine ndine duwa lachikasu lotchedwa dafodilo. Ndinkawaseka. "Inu, duwalo munaliona kuti? Bwanji osangoti duwa la dzungu, loti tonse timalidziwa?"

Titasamukira ku Glasgow tinalionadi, lili mbwee m'mbali mwa ngalande ya ku Maryhill. Amuna anga, munthu wamkulu ndi imvi zake, anangoti chilili, n'kumandiuza kuti alakatuli aja ankalira duwali chifukwa silichedwa kufota. Ine ndinati tiyeni, basi itisiya.

Anatisiya chaka chatha, kuzizira kutangoyamba. Mwambo wa maliro sitinausiye kumudzi. Azimayi a kumpingo anadzaza nyumba, ine namfedwa anandikhazika pamatilesi pabalaza, khitchini n'kukhala yawo. Namfedwa saphika, ndipo palibe amene amamuvutitsa ndi mafunso.

Mawa lake masana, mayi wina wachikulire anadzagwada pafupi nane. "Pepani mayi, anyezi wa m'kabati yapansi uja ndi wamtundu wanji? Tadula yense, koma fungo palibe, m'maso osawawa. Tangotaya."

Ine m'kabati imeneyo sindisungamo anyezi. Agogo achizungu okhala pansi pathu, amene anabwera kudzapepesa, ndiwo anandimasulira. Zinali mbewu za dafodilo, zomwe zimaoneka ngati anyezi. Amuna anga anazipempha kwa iwo akudwala kale, ati akapezako mphamvu adzazibzala kuseri, pansi pa windo langa, kuti kuzizira kukadzatha ndidzakhale ndi choyang'ana. Anazibisa m'kathumba kuti ndisadziwe.

Ndinadzuka pamatilesi paja anthu akundigwira, n'kukapisa manja m'bini kufuna imodzi yokha yamphumphu. Koma azimayi athu anyezi amadziwa kudula. Sanasiye ngakhale imodzi.

Sindinakalipire munthu. Ndikanakalipira ndani, poti anasiya ntchito zawo kudzalira nane? Mtima wokha ndiwo unasweka kawiri, ndipo mpaka lero ndikamadula anyezi ndimalira zenizeni.

Agogo aja anafuna kundipatsa mbewu zina, ndinakana. Sizikanakhala zomwe anagwira amuna anga. Chaka chino maluwa aphukanso kungalande, pansi pa windo langa pali dothi lokhalokha. Ndinapita ndekha kukaima pamalo paja, basi zikudutsa, ndipo sindinakwere. Duwalo ndi lokongola ndithu, bambo. Ndikanakuuzani tsiku lija.