Chithunzi cha Atate kuseri kwa kalendala

Fungo la pensulo yongosongoledwa kumene limandibwezera ku Palabana, pakhonde lathu, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu giredi faifi. Atate ankasongola mapensulo ndi lezala, tizipalapala tikugwera pabulangete limene ankafunda ngakhale masana. Mapensulowo anali a mitundumitundu, khumi ndi awiri m'kachitini, ena atafupika ngati chala. Kale Atate ankanyamula mkaka wa ng'ombe zathu ziwiri panjinga kukagulitsa kumapuloti a anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Chaka chimenecho njinga inali kuwalemera. Amayi ndiwo ankasenza chigubu, Atate n'kutsala nane pakhonde.

Anayamba kundiphunzitsa kujambula pa nkhanga. Zinkabwera m'mawa kudzatola chimanga kumbuyo kwa khola, ife titakhala zii, mapepala athu ali makalendala akale a ku mishoni otembenuza. Anandiletsa kuyamba ndi mlomo kapena nthenga. Choyamba thupi lonse, mozungulira ngati dzira, dzanja lili lopepuka. Mawanga oyera sindinkawapaka, ndinkangosiya pepala n'kudetsa m'mbali mwake. Ndikakanikiza kwambiri ankandimenya pang'ono pachala, chifukwa pepala likanyezimira ndi phula la pensulo sililandiranso mtundu wina. Nkhanga yanga yoyamba inali ndi maso awiri pamene inaima chammbali. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Waliona kuti diso linalo? Jambula zimene uona, osati zimene udziwa."

Mphepo ya fumbi itayamba, anati tsopano ndijambule iwo. M'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, poti chitupa chawo chinasowa m'minibasi. Anandionetsa kuti khungu la munthu wakuda silituluka ndi bulauni yekha. Pansi uyale buluu wopepuka m'mithunzi, kenako wofiira pamasaya ndi pamphumi, bulauni pamwamba, katatu kapena kanayi. Maso pomaliza, ndipo m'diso lililonse usiye kadontho ka pepala loyera, apo ayi munthu aoneka wakufa. Ndinatha masiku asanu ndi anayi. Ankakhala padzuwa, akununkha mafuta a vaselini ndi mankhwala, ntchentche zikuwatera pabondo.

Ndinajambula zimene ndinaona. Masaya olowa m'kati. Kolala ya malaya yolendewera pakhosi. Milomo yofiira, zilonda kuseri kwa khutu, tsitsi lopyapyala. Atate anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nati ndakhoza, ndipo ndine mwana wawo ndithu.

Lachinayi lotsatira kunabwera amayi a ku tchalitchi kudzapemphera. Amayi anali atawauza onse kuti ndi malungo obwererabwerera, ndipo alendo akabwera Atate ankagonekedwa kuchipinda, katani atatseka. Ine, ndi kunyada kwanga, ndinatulutsa chithunzi. Chinayenda m'manja kufika kwa Amake Lute, amene mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Anachisendeza kutali ndi nkhope, nanong'oneza mnzawo mokweza kuti aliyense amve: "Aya si malungo iyayi. Ni matenda aja."

Alendowo anapemphera korona yonse, nakana tiyi. Pofika Loweruka nkhani inali itafika kumapuloti. Amayi anabwerako ndi chigubu chodzaza, ndipo Lolemba chimodzimodzi. Anthu omwewo ogwada kutsogolo m'tchalitchi, ophunzira, ovala mataye, ankauza antchito awo kuti mkaka wathu asaulandire. Unasasa m'chigubu, tinaupatsa nkhumba za eni ake. Ndikawakumbukira lero mtima umandiwira, ndipo ena mwa iwo ndimawapatsabe moni.

Lolemba lomwelo Amayi anatula chigubu, nalowa m'nyumba, natuluka ndi chithunzi. Mbaula inali pakhomo, ndipo anachiponya pamakala. Sanandiyang'ane n'komwe. Pepala linapindika, bulauni n'kusungunuka ngati kandulo, maso n'kutsalira pang'ono. Amayiwo ndinawaluma padzanja. Ndikuulula izi chifukwa chipsera chake anapita nacho kumanda. Ndinawauza mawu amene mwana sauza amake, kuti ndi mfiti, kuti akanadwala ndiwo. Anangondikankha, nati: "Ufuna tidye pepala?"

Atate anamva zonse ali kuchipinda. Anandiitana, nati tijambulanso akapeza bwino. Sanakhalenso padzuwa. Mvula yoyamba inagwa pamanda awo, ndipo abale awo pogawana katundu anatenga njinga, ng'ombe ndi kachitini komwe. Ndinayesa kuwajambula ndi bolopeni kumapeto kwa buku la masamu, koma ankatuluka nkhope ya munthu aliyense. Kwa zaka ziwiri Amayi ndinkawayankha ndi mutu wokha. Kenako nawonso kolala ya diresi inayamba kulendewera.

Tsopano ndili ndi setifiketi yanga ya uphunzitsi ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi. Akangotsokomola ndimamuyeza masaya ndi zala mpaka alire, ndipo a ku kiliniki anatopa nane. Mwezi watha mnansi ananena kuti mwanayu waonda, ine n'kunama pomwepo kuti mano akumupweteka, osaganiza n'komwe. Ndinadzimva ndekha ndikulankhula ndi mawu a Amayi.

Ndili mwana ndinkati anawotcha chithunzi chifukwa ankachita manyazi ndi Atate. Lero ndikudziwa kuti mkazi uja anayenda mtunda wonse ndi mkaka wokanidwa pamutu, ife ana ake atatu tikumudikira, ndipo papepala lija anaona nkhope yake yomwe ya m'tsogolo. Ndikumvetsa zonsezo. Koma mwana wanga akafunsa kuti agogo ake aamuna ankaoneka bwanji, ndilibe chomuonetsa, ndipo mkwiyo umabwera wonse, ulibenso munthu woupatsa.