Mng'ono wanga anadzigwetsa yekha mayeso

Loweruka lapitali mng'ono wanga Tiyamike anabwera kwathu kuchokera ku koleji ya zaulimi kumene akuphunzira. Masiku onse akafika amayamba walanda mwana wanga Chisomo kumsana kwanga asanavule ndi nsapato zomwe. Tsiku limeneli anangokhala pakhonde, manja m'masaya.

Inu owerenga danga lino mukundidziwa kale. Mwana akangotsokomola kamodzi, ine m'maganizo ndafika kale kuchipatala. Ndiye ndisaname, ndinaganiza za mimba.

"Nena msanga, mnyamatayo ndani?"

"Asisi, inunso. Ndalephera utsogoleri."

Nkhani yake ndi iyi. Ku koleji kwawo akufuna kuona ngati ophunzira akukula pa utsogoleri, ndipo mmodzi adzatsogolera gulu lokagwira ntchito ndi alimi a mtedza ku Vubwi. Tiyamike ankaufuna mwayi umenewu ndi mtima wonse. Anawapatsa mafunso oti aliyense adziyese yekha. Kodi anzako amakumvera? Kodi umatha kuthetsa mkangano? Iye paliponse anayankha kuti "pang'ono". Mnzake Masautso, amene amafika kumunda dzuwa litakwera, paliponse anayankha kuti "kwambiri".

"Nanga ndikanalemba bwanji kuti ndimatha? Amayi atamva akanati chiyani?"

Ndinaseka, koma ndinamumvetsa. Kwathu ku Sinda ukaphika ndiwo zokoma mlendo n'kukuyamika, yankho lake ndi limodzi: "Tangoyesako." Ukangoti "inde, ndimatha", nkhani ya matama ako ifika kudambo iwe usanatsuke mbale. Ndiye mtsikana woleredwa chonchi mukumupatsa pepala kuti adzichemerere yekha?

Lolemba ndinabereka Chisomo n'kukwera basi, njira yonse ndikuloweza mawu okauza aphunzitsi. Setifiketi ndili nayo ine, koma maofesi ndimawaopabe.

Ndinawapeza ophunzira kumunda wa koleji, akukangana za kumene ayambire mizere. Masautso anali pachulu, akuloza uku ndi uku, mawu okhaokha. Tiyamike anatola chingwe n'kupatsa mnyamata wina nsonga imodzi.

"Achimwene, mwina mutagwira apa, kapena mukuona bwanji?"

Anagwira. Kwa mtsikana amene anali atakwiya n'kukhala pansi anati, "Iwe maso ako ndi abwino, tationera ngati chawongoka." Uja anadzuka. Posakhalitsa makasu onse anali kugwa mbali imodzi, ndipo Masautso anatsika pachulu n'kufunsa, "Tiya, manje ine ndigwire pati?"

Aphunzitsi awo, a Banda, anali ataima pansi pa mtengo wa mango. Ndinawapatsa moni, ndipo mawu onse ndinaloweza aja anathawa.

"Aphunzitsi, mwanayu sikuti satha ayi. Kungoti ndi waulemu."

Anaseka mpaka kugwira mtengo. "Mayi, khazikani mtima pansi. Pepala lija ndi mbali imodzi chabe. Tinafunsanso anzake kuti zinthu zikavuta amathamangira kwa ndani. Ngakhale uyo wa pachuluyo anatchula mng'ono wanu. Ku Vubwi atsogolera ndi iyeyo. Koma mukamuuze kuti kumeneko adzafunika kuima pamaso pa alimi akuluakulu n'kunena kuti 'ichi ndikuchidziwa'. Akakati 'pang'ono', alimiwo adzabzala mmene anazolowerera."

Ndinalulutira pakati pa koleji, anthu inu. Chisomo anadzidzimuka n'kuyamba kuwomba m'manja osadziwa chifukwa chake. Tiyamike anabisa nkhope m'chipewa.

Pobwerera, chimwemwe chili tho, ndinayamba kulingalira. Ndi angati a Tiyamike amene amagwa chifukwa palibe amene anafunsa anzawo? Pofunsira ntchito, posankha komiti ya kutchalitchi, ngakhale pa kopaletivu, timamvera amene wadziyamikira mokweza. Amene amachititsa kuti makasu agwere mbali imodzi timangoti ndi mwana wabwino, basi.

Sindikunena kuti ulemu ndi woipa. Ulemu womwewo ndi umene unadzutsa mtsikana wokwiya uja. Koma amene akuyesa utsogoleri wa ana athu atuluke mu ofesi akaone kumunda, ngati a Banda. Ndipo ife olera, tiwaphunzitse kuti kunena zoona za iwe mwini si matama.

Apa ndiye pandivuta ine. Dzulo Chisomo anakwera yekha pampondo, kwa nthawi yoyamba, n'kuima chilili pamaso pa apongozi anga, chifuwa patsogolo.

"Ine nakwanitsa!"

Pakamwa panga panali patafika kale mawu a amayi athu akuti "khala pansi, usadzionetsere". Ndinawameza. Apongozi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mwana, mwana akudikira kuti ndinene kanthu.

Inuyo mukanamuuza chiyani?